Achimwene akudwala matenda a maganizo koma DWP yati agwire ntchito: kachitidwe ka apilo

Mayi, zikomo pondilembera. Ndifupikitse kaye nkhani yanu kuti ena owerenga atsatire. Achimwene anu amakhala ku Manchester, ali ndi chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale, chija amati indefinite leave to remain, ndipo agwira ntchito yosamalira okalamba kwa zaka zambiri, makamaka usiku. Chimwalirireni alamu anu, iwo akudwala matenda a kukhumudwa ndi nkhawa. Dokotala anawayambitsa mankhwala, ntchito anasiya, ndipo pano ali pa Universal Credit, thandizo la ndalama la boma kwa osagwira ntchito kapena opeza zochepa. Anaitanidwa kukayezedwa ngati angathe kugwira ntchito, ndipo masabata atatu apitawa kalata ya DWP, nthambi ya boma yoona za thandizoli, yabwera kuti pa kuyezako sanapeze pointi ngakhale imodzi, choncho ayambe kufuna ntchito. Eni akewo akuti zisiyeni, boma silitsutsidwa, mwinanso zingawaonongere mapepala. Mwatinso tsiku lina anakuuzani kuti bola akanangotsatira akazi awo.

Ndiyambire pa mawu omalizawa, chifukwa ndi amene ali ofulumira kuposa zonse. Musawatenge ngati kudandaula wamba. Auzeni dokotala wawo sabata ino. Zikavuta usiku, imbani 111 n'kusankha gawo la matenda a maganizo, kapena a Samaritans pa 116 123, omwe amayankha ulere nthawi ina iliyonse. Mukaona kuti moyo uli pachiswe, ndi 999. Mawu amenewa ndi ofunikanso kwambiri pa apilo, ndipo ndibwererako.

Za mapepala, mtima ukhale m'malo. Munthu amene ali ndi indefinite leave to remain amaloledwa kulandira thandizo la boma, ndipo kutsutsa chiganizo cha DWP si mlandu. Ndi ufulu umene lamulo lomwelo linaika. Koma ndichenjeze ena amene akuwerenga ali pa viza yolembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti saloledwa thandizo la ndalama za boma: inu musafunsire Universal Credit kapena PIP (thandizo la odwala ndi olumala) musanakambirane ndi mlangizi wa malamulo olowera m'dziko, chifukwa kwa inu zikhoza kuonongadi mapepala.

Tsopano nthawi. Muli ndi mwezi umodzi kuchokera pa tsiku lolembedwa pakalatayo, osati tsiku limene inafika pakhomo, wopempha kuti DWP iunikenso chiganizo chake. Iwo amati mandatory reconsideration. Chiyambire 2013, simungapite ku bwalo la apilo musanadutse pamenepa. Poti masabata atatu atha kale, musadikire kuti umboni ukwane. Lero lomwe, khalani nawo pansi, mutsegule journal yawo ya Universal Credit pa intaneti, tsamba lolemberana mauthenga ndi DWP, alembe mfundo ziwiri zokha: kuti sakugwirizana ndi chiganizo cha tsiku lakutilakuti ndipo akupempha mandatory reconsideration, komanso kuti akufuna kope ya lipoti la amene anawayeza, lomwe limatchedwa UC85. Awonjezere kuti zifukwa ndi umboni zitsatira. Jambulani zimene alembazo pafoni. Akhozanso kupempha poimba foni, polemba kalata kapena podzaza fomu ya CRMR1, koma ine ndimakonda cholembedwa chifukwa chimasiya mapazi.

Mwezi ukadutsa, musaganize kuti zatha. Pempho lochedwa limalandiridwa mpaka miyezi 13 kuchokera pa tsiku la chiganizo ngati pali chifukwa chomveka, ndipo kudwala kumene kumachititsa munthu kuopa kutsegula makalata ndi chifukwa chomveka ndithu. Mu 2017 bwalo lalikulu la Upper Tribunal linagamula kuti ngakhale DWP ikane kulandira pempho lochedwa, munthu akhozabe kukachita apilo bola ali mkati mwa miyezi 13 ija. Komabe kuchedwa kumangoonjezera nkhondo ina pamwamba pa imene muli nayo kale.

DWP siyankhula nanu za achimwene anu popanda chilolezo chawo, ngakhale muli mlongo wawo wa bere limodzi. Alembe mu journal momwemo dzina lanu, ubale wanu, ndi nkhani imene akukulolani kuwayankhulira. Palinso njira yoti mukhale appointee, woyendetsa zonse m'malo mwawo, koma imeneyo ndi ya munthu amene sangathedi kuyendetsa zinthu zake. Musaithamangire. Munthu amene wataya mkazi ndi ntchito sayenera kulandidwanso mawu pa nkhani yake popanda chifukwa.

Tifike pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti kuyezaku kumafunsa ngati munthu akudwaladi, ndiye amakwiya: mankhwala awa, kalata ya dokotala iyi, akufunanso chiyani? Koma lamulo silipereka mapointi pa dzina la matenda. Limapereka pa zimene matendawo amamulepheretsa munthu kuchita. Pa za maganizo pali magawo 7: kuphunzira kachitidwe ka zinthu, kuzindikira zoopsa za tsiku ndi tsiku, kuyamba ndi kumaliza zochita, kupirira zinthu zikasintha, kuyenda kupita kwina, kukumana ndi anthu, ndi khalidwe pamaso pa ena. Gawo lililonse lili ndi mapointi 6, 9 kapena 15 malinga ndi kukula kwa vuto, ndipo amaphatikizidwa. Ofunika ndi 15.

Taonani mmene zimakhalira. Munthu amene sangafike pamalo amene amawadziwa bwino popanda womuperekeza amapeza 9. Ngati ndi malo achilendo okha amene amafuna womuperekeza, ndi 6. Amene nthawi zambiri sangathe kuyankhulana ndi munthu wosamudziwa chifukwa cha kuvutika mumtima amapeza 6, ndipo ngati zili choncho nthawi zonse, 9. Amene nthawi zambiri sangayambe kapena kumaliza zochita ziwiri zotsatizana, monga kudzuka n'kusamba, kapena kukonza chakudya n'kudya, amapeza 9. Amene tsiku lake lonse limasokonekera chifukwa cha kusintha kwakung'ono kosayembekezereka, monga nthawi yoonana ndi dokotala kusinthidwa tsiku lomwelo, amapeza 6. Inu mwalemba kuti achimwene anu sapita ku sitolo yapafupi mukapanda kubwera, ndipo foni ya nambala yachilendo sayankha. Ngati zimenezi zinali choncho pa nthawi ya chiganizo, ndi 9 kuphatikiza 6, mapointi 15 akwana tisanakhudze n'komwe za kusamba ndi kudya.

Nanga zinatheka bwanji kuti apatsidwe ziro? Lipoti likabwera, ndikukhulupirira mudzapezamo mawu onga awa: anavala bwino, anali aukhondo, amayankha mwaulemu, anati amaphika ndipo amapita ku tchalitchi. Ndimaziona kawirikawiri kwa anthu akwathu, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa zimene zimatigwetsa ndi zomwe tinaphunzitsidwa ngati khalidwe labwino. Munthu wamkulu akafunsidwa kuti muli bwanji, amati ndili bwino, ngakhale sanagone masiku atatu. Popita ku ofesi ya boma timasamba, timasita malaya, tipolisha nsapato. Bambo wa zaka zake sangauze mtsikana wosamudziwa kuti watha sabata osasamba. Akafunsidwa ngati amaphika, amati eya, chifukwa kuphika amakudziwa, osatchula kuti mphika sanaugwire chichokereni maliro. Ndipo matenda a maganizo timawabisa ngakhale kwa abale. Woyezayo amalemba zimene waona ndi kumva mu ola limodzi. Sanaone kuti malayawo munasita ndinu, kuti munawadzutsa ndinu, kuti munawatenga pagalimoto, kapena kuti atabwerako anadzitsekera kuchipinda masiku awiri.

Ntchito yanu yaikulu ndi kubweza chithunzi chenicheni, ndipo lamulo lili kumbali yanu. Funso si lakuti munthu angachite chinthu kamodzi atadzikakamiza. Funso ndi lakuti angachichite modalirika, mobwerezabwereza, pa masiku ambiri. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma matenda awa amamulanda munthu mphamvu yotsekulira chitseko chomwecho, n'chifukwa chake umboni wanu uli wolemera kuposa mmene mukuganizira.

Lembani kalata yanu, ndipo muilembe ngati mboni, osati ngati wodandaula. Mawu oti "achimwene akuvutika kwambiri" sathandiza woweruza. Chimene chimathandiza ndi ichi: ndimapitako Lachitatu ndi Lamlungu, nkhuku imene ndinasiya Lamlungu ndinaipeza Lachitatu ili m'poto momwemo mufiriji, makatani anali otseka masana, makalata abulauni osatsegula ali mudirowa ya kukhitchini, mapiritsi a masiku anayi adakali m'paketi, mwezi wathawu tinafika pa siteji ya basi, anayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, tinabwerera. Tengani lipoti la UC85 ndi cholembera, mudutse mzere ndi mzere. Pamene alemba kuti amapita ku tchalitchi, yankhani kuti anasiya liti, ndipo abusa kapena mkulu wa mpingo amene amawayendera alembe tsamba limodzi la zimene waona ndi maso ake. Musakokomeze chilichonse. Ngati pali masiku amene amadzuka bwino n'kuphika, nenani, ndipo munene kuti ndi angati pa sabata. Woweruza akagwira bodza limodzi amakayikira ndi zoona zomwe. Musatayenso nthawi kunyoza woyeza uja. Bwalo silikuzenga iyeyo, likufuna kudziwa mapointi oyenera.

Palinso khomo lina limene anthu ambiri salidziwa, ndipo kwa odwala maganizo nthawi zambiri ndilo lalikulu. M'malamulo a Universal Credit a 2013, ndime 4 ya Schedule 8 imati ngakhale mapointi asakwane, munthu atengedwe kuti sangagwire ntchito ngati kumuuza kuti agwire kungaike thanzi lake, la thupi kapena la maganizo, pachiopsezo chachikulu. Ndime 4 ya Schedule 9 imanena zomwezo pa zochita zokonzekera ntchito, monga maphunziro ndi misonkhano imene a Jobcentre, ofesi ya DWP ya ofuna ntchito, amatumizako anthu. Amene ali pa ESA, thandizo lina la odwala amene sangagwire ntchito, ali ndi malamulo ofanana nawo. Pa mlandu wa Charlton mu 2009, Court of Appeal inati poyeza chiopsezochi aganizire mtundu wa ntchito imene munthuyo angakagwire komanso ulendo wopita ndi kubwera kuntchitoko. Mu 2014, pa mlandu wa IM, Upper Tribunal inati DWP iyenera kuuza bwalo zochita zenizeni zimene munthuyo angatumidwe, kuti bwalo lione ngati angazipirire. Apa ndi pamene mawu aja oti bola kutsatira akazi awo ayenera kutchulidwa poyera, m'kalata yanu ndi m'mabuku a dokotala. Ndikudziwa kuti kwathu izi sitizitchula, ndipo iwo adzachita manyazi. Koma bwalo silingaganizire chiopsezo chimene palibe amene walitchulira.

Kusiyana kwa ndime ziwirizi kumakhudza ndalama. Akapezeka kuti sangagwire ntchito chabe, chija amati LCW, sakakamizidwanso kufuna ntchito, koma kwa amene anafunsira kuyambira Epulo 2017 palibe ndalama yoonjezera. Akapezeka kuti sangachitenso ngakhale zokonzekera ntchito, LCWRA, pamabwera ndalama yapamwamba, imene m'chaka cha 2025/26 inali £423.27 pamwezi. Lamulo la Universal Credit Act 2025 linaidula pafupifupi ndi theka kwa ofunsira atsopano ambiri kuyambira Epulo 2026, ndiye tsiku limene nkhani ya achimwene anu inayambira ndi lofunika, ndipo mlangizi alione bwino. Choncho popempha musangoti ziro ndi yolakwika; nenani gulu limene mukuona kuti ndi lawo ndi chifukwa chake. Mukapambana, ndalama za m'mbuyo zimaperekedwa kuchokera pamene zinayenera kuyambira. Wina akakuuzani kuti ingoyambirani pachiyambi, dziwani kuti mukhoza kutaya ndalama za m'mbuyozo, komanso DWP siyezanso munthu amene yamupeza kuti angagwire ntchito pokhapokha matenda atakula, patabwera ena atsopano, kapena pataoneka kuti chiganizo choyamba chinaphonya mfundo.

Umboni wa kuchipatala musaugule mothamanga. Madokotala ena amalipiritsa kalata, koma kope ya mabuku a wodwala ndi yaulere akaipempha mwini wake, ndipo zambiri zimaoneka pa NHS App. Ngati ali ndi namwino wa matenda a maganizo kapena mlangizi wa NHS Talking Therapies, ameneyo amawadziwa bwino kuposa dokotala wowaona mphindi khumi. Mupempheni ayankhe mafunso enieni: kodi bambowa angayende okha, angakumane ndi anthu achilendo, ndipo chingachitike n'chiyani atakakamizidwa kufuna ntchito? Ngati anachedwa kupita kuchipatala chifukwa anayamba ndi mapemphero, kapena adakali pamzere wodikira chithandizo, fotokozani. Mukapanda kutero, mpata umene uli m'mabukuwo udzawerengedwa ngati kuti sankadwala. Ndipo gwirani mfundo iyi: gawo 12(8)(b) la Social Security Act 1998 limaletsa bwalo kuganizira zimene zachitika chiganizo chitapangidwa kale. Kalata yolembedwa mwezi wamawa ndi yololedwa, koma inene za mmene analili pa nthawi ya chiganizocho. Matenda akakula pambuyo pake, kauzeni DWP padera ngati kusintha kwatsopano.

Ndikuuziretu kuti pa mandatory reconsideration ziganizo zambiri sizisintha, ndipo lamulo silinaike malire a nthawi yoti ayankhire. Achimwene anu muwakonzekeretse, chifukwa kukanidwa kachiwiri ndi pamene odwala ambiri amagwa mphwayi. Chofunika ndi pepala limene adzatumize, mandatory reconsideration notice. Kuchokera pa tsiku lake muli ndi mwezi wina umodzi wochita apilo ku First-tier Tribunal, pa fomu ya SSCS1 kapena pa gov.uk. Simulipira kanthu, ndipo mukaluza simulipitsidwa. Bwaloli si la DWP. Lili pansi pa makhothi. Ziwerengero za boma kwa zaka zambiri zinaonetsa kuti pa milandu ya mtundu uwu imene inamvedwa, oposa theka ankapambana.

Pafomupo adzafunsidwa ngati akufuna kudzaonekera kapena mlandu ungoweruzidwa pa mapepala. Iwo adzafuna mapepala, chifukwa cha nkhawa yomweyo. Alimbikitseni aonekere, kaya pamaso, pafoni kapena pa vidiyo, chifukwa amene amamvedwa ndi pakamwa pawo amapambana kwambiri kuposa ongotumiza mapepala. Pemphaninso womasulira Chichewa pafomu pomwepo. Ndi waulere, bwalo ndilo limamupeza, ndipo inu simungaloledwe kumasulira. Musati poti Chingerezi amachidziwa ndiye palibe chifukwa. Chingerezi chogwirira ntchito ndi china. Kufotokoza mantha a pakati pa usiku munthu amafuna chiyankhulo chimene anayamwira.

DWP ili ndi masiku 28 oti iyankhe, ndipo mudzalandira mtolo wa mapepala okhala ndi manambala a masamba. Uwerengeni wonse. Kudikira tsiku la mlandu kumatenga miyezi. Nthawi zina DWP imaimba foni mlandu usanafike n'kupereka chiganizo chatsopano. Asavomere pafoni pomwepo, anene kuti akufuna kufunsa kaye mlangizi. Akavomera LCW pomwe akuyenera LCWRA, apilo yoyamba imatha, koma chiganizo chatsopanocho akhoza kuchichitiranso apilo.

Tsikulo si la khothi la milandu yaupandu. Ndi chipinda chokhala ndi tebulo, mbali inayo woweruza ndi dokotala, nthawi zina ndi woimira DWP. Dokotalayo sawapima thupi, amangofunsa. Adzafunsa mmene tsiku lawo limayendera kuyambira kudzuka, mmene abwerera kubwaloko, amene amawagulira zakudya. Inu mukhoza kukhala pambali pawo, ndipo kumapeto mupemphe kuonjezera zimene asiya, koma musawayankhire. Akalira kapena kusokonezeka, apemphe kupuma. Avale mmene amavalira masiku onse. Ndipo muwauze usiku wake kuti akafunsidwa "kodi mumatha", asayankhe za mmene iwo analili alamu anu adakali moyo. Mu 2013, pa mlandu wa MM ndi DM, makhothi anavomereza kuti kayezedwe aka kamaika odwala maganizo pa mpanipani waukulu kuposa ena, mwa zina chifukwa amavutika kufotokoza okha mavuto awo. Oweruza a bwaloli amazidziwa zimenezi. Chigamulo chimaperekedwa tsiku lomwelo kapena chimabwera pa positi, ndipo ndalama zoyendera amabweza mukasunga malisiti.

Pamene mukudikira, Universal Credit yawo ya masiku onse ipitirira, koma DWP iwatenga ngati munthu wofuna ntchito. Apa ndi pamene pali msampha wa kudulidwa ndalama akaphonya msonkhano. Apitirize kupereka ma fit note, makalata a dokotala otsimikiza kuti akudwala, osadukiza. Alembe mu journal kupempha work coach wawo, wa ku Jobcentre amene amaona nkhani yawo, kuti achepetse zimene akuyenera kuchita, kuti misonkhano izikhala yapafoni, ndi kuti inu muzikhalapo. Equality Act 2010 imalamula maofesi a boma kusintha kachitidwe kawo moyenera kwa munthu wolumala, ndipo matenda a maganizo okhalitsa amawerengedwa momwemo. Akawadula ndalama, chilangocho nachonso chimatsutsidwa pa njira yomweyi.

Simunatchule PIP. Ndi thandizo lina, losayang'ana ndalama zimene munthu ali nazo kapena ngati ali pantchito, ndipo limaganiziranso munthu wofuna kukumbutsidwa kudya, kusamba ndi kumwa mankhwala, kapena wolephera kutuluka chifukwa cha kuvutika maganizo. Afunsire padera. Akakanidwa, njira ndi yomweyi, kungoti pabwalo pamakhala anthu atatu. Okhala ku Scotland, kwanu m'malo mwa PIP kuli Adult Disability Payment, ndipo ili ndi ndondomeko yakeyake.

Bwalo likakana, pemphani zifukwa zolembedwa, statement of reasons, pasanathe mwezi. Ku Upper Tribunal kumapitidwa pokhapokha bwalo litalakwitsa lamulo, monga kusaganizira za chiopsezo chija kapena kusafotokoza chifukwa chokanira umboni wanu. Pa siteji imeneyo thandizo la legal aid, la boma lolipirira woimira pa milandu, limapezeka. Pa bwalo loyamba, ku England ndi Wales, linachotsedwa mu 2013, koma musalipire munthu wongodzitcha mlangizi amene akufuna gawo la ndalama za m'mbuyo. A Citizens Advice, ma Law Centre ndi alangizi a welfare rights a ku khonsolo amathandiza ulere, ndipo mabungwe a Mind ndi Rethink Mental Illness ali ndi malangizo okhudza odwala maganizo. Mizere yawo ndi yaitali, ndiye lembetsani sabata ino, mutatumiza kale pempho lija mu journal. Popita mutenge kalata ya chiganizo, kope ya fomu imene anadzaza asanayezedwe, mndandanda wa mankhwala, ndi kalata yanu ya umboni ngakhale isanathe.